Singano Pafupi ndi Mtsempha: Mbiri ya Jakisoni wa Dzanzi ndi Ngozi Zake

Aliyense amene anazulitsapo dzino la m'munsi kuchipatala akudziwa mmene zimakhalira. Dokotala wa mano amakuuza kuti uyasamule kwambiri, n'kulowetsa singano yaitali kuseri kwa dzino lomaliza, mkati mwa nsagwada. Pakangopita mphindi zochepa theka la mlomo wa m'munsi limalemera, mbali imodzi ya lilime imakhala ngati ya mwini wake, ndipo chitsulo chikagwira dzino umangomva kukoka popanda ululu. Komatu mankhwalawo sanathiridwe padzino lovutalo. Athiridwa patali, panjira imene uthenga wa ululu umadutsa popita ku ubongo, monga mmene mlimi amatsekera ngalande kumtunda kuti madzi asafike kumunsi kwa dimba. Nzeru yomweyi ndi imene masiku ano imachititsa kuti munthu wothyoka mkono akonzedwe mafupa ku fiyeta ali maso, akucheza ndi namwino. Ambiri amauona jakisoni wotereyu ngati kanthu kakang'ono poyerekeza ndi kugonekedwa tulo ndi mankhwala. Mbiri yake ya zaka 140 ikusonyeza kuti si wochepa ayi. Luso lililonse latsopano limene linabwera pa ntchitoyi linali yankho la ngozi imene luso lam'mbuyo linabala, ndipo nalonso linadza ndi ngozi yakeyake. Chimene chapulumutsa odwala m'zaka zonsezi ndi madokotala amene anavomera kuwerenga anthu ovulala m'manja mwawo, kuulula poyera, ndi kukonzekera ngoziyo isanafikenso.

Chichewa chili ndi mawu amodzi, mtsempha, otchulira zinthu ziwiri zosiyana, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kumeneku. Pali mtsempha wa magazi, umene uli ngati paipi. Palinso mtsempha wa mauthenga, kachingwe koyererako kamene kamatumiza ku ubongo uthenga wa ululu, kutentha ndi kukhudza, n'kubweretsa lamulo loti minofu igwire ntchito. Uthengawo umayenda ngati kamphamvu ka magetsi, ndipo umadalira timakomo ting'onoting'ono timene mchere wa sodium umalowera m'maselo. Mankhwala a dzanzi amatseka timakomo timeneti. Vuto n'lakuti timakomo tomweti tilinso mu ubongo ndi mumtima, ndipo m'khosi, m'khwapa ndi m'ntchafu mitsempha iwiriyi imayenda moyandikana ngati ana amapasa. Mankhwala akathiridwa pambali pa mtsempha wa mauthenga, mkono umachita dzanzi. Singano ikaphonya pang'ono chabe n'kuthira mumtsempha wa magazi, mankhwala omwewo amakatseka timakomo ta ubongo ndi ta mtima.

Kufunafuna njira yochititsa dzanzi chiwalo chimodzi kunayamba chifukwa cha mantha a tulo ta mankhwala. Pa 16 October 1846 William Morton anaonetsa ku Boston kuti mpweya wa ether ungagoneke munthu pa opaleshoni, ndipo chaka chotsatira James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa ntchito chloroform. Chimwemwe sichinakhalitse. Mu January 1848 mtsikana wa zaka 15, Hannah Greener, anamwalira kufupi ndi Newcastle atangokoka chloroform, pamene ankafuna kungomuchotsa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Yankho linachokera kumapiri a Andes, kumene anthu a ku Peru ndi Bolivia anakhala akutafuna masamba a coca kuyambira kalekale. Cha mu 1860 Albert Niemann wa ku Göttingen anatulutsa kokeni m'masambawo ndipo anaona kuti amachititsa dzanzi lilime, koma panapita zaka zoposa 20 munthu asanaone phindu la dzanzilo. Amene analiona ndi Karl Koller, dokotala wa maso wa zaka 26 wa ku Vienna, mnzake wa Sigmund Freud. Anadonthezera kokeni m'diso la chule, kenako m'diso lake lomwe, n'kulikhudza ndi mutu wa phini osamva kanthu. Analibe ndalama yopitira kumsonkhano wa madokotala a maso ku Heidelberg, moti lipoti lake anakamuwerengera ndi Josef Brettauer pa 15 September 1884.

Chaka chisanathe, madokotala awiri a opaleshoni a ku New York, William Halsted ndi Richard Hall, anapita patsogolo ndi nzeruyo. Anaganiza kuti ngati kokeni amaziziritsa diso akathiridwa pamwamba, ndiye kuti akabayidwa pafupi ndi mtsempha wa mauthenga adzaziziritsa dera lonse limene mtsemphawo umatumikira. Anayesera pa matupi awo ndi pa ophunzira awo, m'mikono, m'miyendo ndi m'nsagwada, ndipo jakisoni wa dzino uja anabadwira pamenepo. Ngozi yoyamba inagwera iwo eni. Onse awiri anasanduka akapolo a kokeni. Mu 1886 Halsted anagonekedwa pachipatala cha Butler ku Providence, kumene anamupatsa morphine kuti asiye kokeni, ndipo morphineyo sanamusiye mpaka imfa yake mu 1922, ngakhale anadzakhala dokotala wa opaleshoni wotchuka pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore. Nawo odwala sanapulumuke. M'zaka zimenezo kokeni ankabayidwa wamphamvu kwambiri ndiponso wochuluka, ndipo malipoti a anthu okomoka, ophupha ngati a khunyu, ndi omwalira anayamba kumveka ku Ulaya ndi ku America. Ena amati kulimba mtima kwa anthu ngati Halsted ndi kumene kunapititsa patsogolo ntchitoyi, osati kusamala. N'zoona kuti popanda iwo khomo silikanatseguka. Koma kulimba mtimako kukanakhala kokha, njirayi ikanathera pomwepo, chifukwa madokotala ambiri anayamba kuiopa. Anaipulumutsa ndi anthu amene anakhala pansi n'kufunsa chimene chinkapha odwala.

Wamkulu mwa anthu amenewa anali Heinrich Braun wa ku Germany. Iye anazindikira kuti poizoni amabwera mankhwala akalowa m'magazi mofulumira, ndipo mu 1903 anasonyeza kuti kusakanizako adrenaline pang'ono kumafinya timitsempha ta magazi ta pamalopo, mankhwala n'kukhalitsa pomwe abayidwa m'malo mothamangira kumtima. Posakhalitsa Alfred Einhorn anapanga procaine, amene analibe ukapolo wa kokeni komanso poizoni wake anali wocheperako, ndipo Braun anayamba kumugwiritsa ntchito pa odwala mu 1905. Mankhwala atakhala odalirika, madokotala analimba mtima kufikira mitsempha yakuya. Poyamba ankachita kung'amba khungu kuti auone mtolo wa mitsempha yopita kumkono, koma mu 1911 Georg Hirschel anaufikira ndi singano yokha kudzera m'khwapa, ndipo chaka chomwecho Diedrich Kulenkampff wa ku Zwickau anaufikira pamwamba pa fupa lopingasa lija limene limachoka pakhosi kupita paphewa, atayamba wayesera pa iye mwini. Pamalo a Kulenkampff mitsempha yonse ya mkono imakhala pamodzi, choncho dzanzi limagwira msanga ndiponso mokwanira. Koma pansi pake pomwepo pali nsonga ya phapo. Singano ikapitirira, mpweya umathawira m'chifuwa, phapo n'kuphwa, ndipo nthawi zina zizindikiro zimaoneka patapita maola, wodwala atachoka kale ku fiyeta. Walira mvula walira matope. Gaston Labat, wobadwira ku Seychelles, amene anaphunzira lusoli ku Paris n'kuitanidwa ku Mayo Clinic mu 1920, anasonkhanitsa njira zonsezi m'buku lake la 1922, ndipo kuchokera pamenepo kubaya dzanzi kunakhala phunziro lokhala ndi malamulo ake, lotheka kuliphunzitsa ndi kulidzudzula.

Funso limene linavuta kwa zaka zambiri linali lakuti, udziwa bwanji kuti singano yafika pomwe maso sakuona? Dokotala ankapapasa fupa ndi kugunda kwa mtsempha wa magazi, n'kumalowetsa singano mpaka wodwala atadzidzimuka ndi kumva ngati magetsi athamanga kukafika kuzala. Daniel Moore wa ku Seattle anaphunzitsa mibadwo ya madokotala kuti popanda kudzidzimuka kumeneku dzanzi siligwira. Koma kudzidzimukako kumatanthauza kuti chitsulo chakhudza mtsempha, ndipo chimene chakhudza chingathenso kuvulaza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Dag Selander wa ku Gothenburg anafufuza mmene nsonga za singano zimang'ambira mitsempha ya akalulu, ndipo pa odwala obayidwa m'khwapa anapeza ovulala ambiri pakati pa amene anachita kuwafunafuna kudzidzimukako. Mkangano unapitirira, koma singano zofupika nsonga zinayamba kukondedwa, pamodzi ndi kachipangizo kotumiza magetsi ochepa kunsonga ya singano kuti mnofu uzidumpha singanoyo ikayandikira. Nzeru imeneyi Georg Perthes anaiyamba mu 1912, koma inadikira mpaka 1962 pamene Greenblatt ndi Denson anapanga kamakina konyamulika. Mu 1970 Alon Winnie anafotokoza malo ena obaya m'khosi, kumtunda kutali ndi phapo, abwino kwambiri pa opaleshoni ya phewa. Patapita zaka 21, William Urmey ndi anzake anaonetsa kuti odwala onse amene anawapima atabayidwa pamenepa, mnofu wopumira wolekanitsa chifuwa ndi mimba unali utaleka kugwira ntchito mbali imodzi kwa kanthawi. Munthu wa mapapo abwino sazindikira n'komwe, koma kwa wodwala chifuwa chachikale zingamubanike. Ngozi inathawidwa pansi pa fupa inakapezeka m'khosi itavala nkhope ina.

Mankhwala nawo anayenda ulendo womwewo. Lidocaine, amene zipatala zathu zimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, anapangidwa ku Stockholm mu 1943 ndi Nils Löfgren ndi Bengt Lundqvist, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1948. Amagwira msanga koma amathanso msanga. Bupivacaine, amene anapangidwa mu 1957 n'kuyamba kugwiritsidwa ntchito pa odwala mu 1963, ankasunga dzanzi kwa maola ambiri, moti wodwala ankagona usiku woyamba wa opaleshoni popanda kubuula. Madokotala ankakhulupirira kuti poizoni wa mankhwala a dzanzi amayamba wachenjeza: milomo imachita dzanzi, m'kamwa mumamveka ngati chitsulo, m'makutu mumalira, wodwala amabalalika, kenako amaphupha, ndipo mtima umavutika pomalizira penipeni. Mu 1979 George Albright wa ku Stanford anasonkhanitsa nkhani za odwala 6 amene mtima unaima pafupifupi nthawi imodzi ndi kuphupha atangobayidwa bupivacaine kapena mankhwala ena ofanana naye otchedwa etidocaine, ndipo kuudzutsa mtimawo kunali kovuta modabwitsa. Ambiri sanafune kumva, poti mankhwalawo ankawakonda. Koma malipoti a imfa, makamaka za amayi oyembekezera obayidwa pamsana, anachuluka, ndipo mu 1983 ku America analetsa bupivacaine wamphamvu wa 0.75 peresenti pa amayi obereka. Kafukufuku anasonyeza chifukwa chake: bupivacaine amalowa msanga m'timakomo ta mtima koma amachedwa kutulukamo. Kuchokera pa chenjezo la Albright panabadwa chizolowezi chobaya pang'onopang'ono mopumira, komanso mankhwala osaopsa kwambiri kumtima monga ropivacaine, amene anatuluka mu 1996.

Mankhwala othana ndi poizoniyo anapezeka mochedwa, ndipo anachokera kumene palibe ankayembekezera. Mu 1998 Guy Weinberg wa ku Chicago anaonetsa kuti makoswe opatsidwa mafuta m'magazi ankapirira bupivacaine wochuluka, ndipo mu 2003 anaonetsa kuti agalu amene mtima unaima ankadzuka akapatsidwa mafutawo. Mafuta ake ndi madzi oyera ngati mkaka, opangidwa kuchokera ku soya, amene zipatala zimadyetsera mu diripi odwala osatha kudya. Mu 2006 Meg Rosenblatt ndi anzake a pachipatala cha Mount Sinai ku New York analemba za bambo wa zaka 58, wodwala mtima kale, amene anabayidwa m'khosi pokonzekera opaleshoni ya phewa. Singano itangotuluka anayamba kuphupha, ndipo posakhalitsa mtima unaima. Kwa mphindi pafupifupi 20 anamudinikiza pachifuwa, kumupatsa mankhwala odzutsa mtima ndi kumuwomba ndi magetsi, koma osaphula kanthu. Wina anakumbukira za makoswe ndi agalu a Weinberg. Anamuthira mamililita 100 a mafutawo mumtsempha, mtima unayambanso kugunda, ndipo bamboyo anachira ubongo uli bwinobwino. Chaka chotsatira bungwe la madokotala ogonetsa odwala la ku Britain ndi Ireland linatulutsa malangizo oti mafutawa azipezeka pafupi paliponse pobayira mankhwala a dzanzi ochuluka. Bamboyo anapulumuka chifukwa m'chipindamo munali anthu odziwa kudzutsa mtima, zipangizo zili pafupi, ndiponso munthu amene anawerenga zimene ena analemba.

Lero ambiri amanena kuti makina ounikira m'thupi, aja amaunikira amayi oyembekezera, anathetsa nkhani yonseyi, poti dokotala sakubayanso mumdima. Chiyambi cha nzeru imeneyi chili kumwera kwa Africa konkuno. Mu 1978 La Grange, Foster ndi Pretorius a ku South Africa anagwiritsa ntchito kachipangizo komvera kuyenda kwa magazi kuti apeze mtsempha waukulu wa pansi pa khosi asanabaye pamalo a Kulenkampff. Mu 1994 Stephan Kapral ndi anzake, ku Vienna komwe Koller anayambira, anaonetsa mitsempha, singano ndi mankhwala akufalikira, zonse pagalasi la makina. Phindu lake ndi lenileni. Dzanzi limagwira bwino ndi mankhwala ochepa, phapo limaoneka n'kupewedwa, ndipo kaundula wa ku Australia ndi New Zealand wa majakisoni oposa 25,000, amene Michael Barrington ndi Roman Kluger anafalitsa mu 2013, anasonyeza kuti poizoni wa m'magazi amachepa kwambiri makinawa akagwiritsidwa ntchito. Koma kuchepa si kutha. Umboni woti makinawa amachepetsa kuvulala kokhalitsa kwa mitsempha ya mauthenga sunapezeke, ndipo wophunzira kumene akhoza kuona thunthu la singano n'kuganiza kuti ndi nsonga, pomwe nsongayo ili kale pena. Palinso cholakwa chimene makina sangachione: kubaya mwendo wabwino m'malo mwa wodwalawo. Zimenezi zinachitika kambirimbiri moti cha mu 2011 madokotala a ku Nottingham anayambitsa lamulo limene linafalikira m'dziko lonse la Britain, loti singano isanalowe, wobaya ndi womuthandiza aime kaye, aone chizindikiro cholembedwa pachiwalo, atsimikizire mbali.

Wina angafunse kuti, ngati ngozi n'zochuluka chotere, bwanji osangomugoneka munthu tulo basi? Yankho lili m'ziwerengero zomwezo zimene madokotala oona mtima anasonkhanitsa. Ku France, Yves Auroy ndi anzake anatsegula foni yothandizira madokotala usana ndi usiku, ndipo lipoti lawo la 2002 linapeza ngozi zazikulu 56 pa majakisoni a dzanzi oposa 158,000, kuphatikizapo a pamsana. Mu 2009 gulu la Barrington linatsatira majakisoni oposa 7,000. Odwala 30 anatumizidwa kukapimidwa chifukwa cha dzanzi kapena kufooka kosatha msanga, ndipo mwa iwo 3 okha ndi amene jakisoniyo anali gwero. Enawo vuto linachokera kwina, monga ku opaleshoni yeniyeniyo kapena ku matenda akale. Ngozi zilipo koma n'zosowa, ndipo tikudziwa kusowa kwake chifukwa ena anaziwerenga. Mbali inayi, tulo ta mankhwala tili ndi ngozi zake: njira ya mpweya kutsekeka, masanzi kulowa m'mapapo mwa munthu amene wavulala atangodya, ndi kupuma mofooka chifukwa cha morphine opaleshoni ikatha. Munthu wobayidwa dzanzi amapuma yekha, sasanza kwambiri, amadya msanga, ndipo ululu wa maola oyamba sauona. Kwa nkhalamba yothyoka fupa la m'chiuno kapena wodwala mapapo, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Choncho mbiri ya ngozi si chifukwa chosiyira njirayi. Ndi malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake, olembedwa ndi zowawa za anthu amene anatsogola.

Kutsutsa kolemera kwambiri kumachokera kuzipatala zosauka. Ku Malawi ntchito yogonetsa odwala ambiri ili m'manja mwa makiliniko ofesala ophunzitsidwa lusoli, ndipo ovulala pa ngozi za pamsewu, makamaka za njinga zamoto, safika mowerengeka. Wina anganene kuti kufuna makina ounikira ndi botolo la mafuta oyera pa jakisoni aliyense n'kulanda osauka njira imene ikanawathandiza koposa. Mawuwa ali ndi choonadi, ndipo pogula zipangizo za fiyeta zinthu ziwirizi ziyenera kuikidwa pamndandanda. Koma zambiri zimene mbiriyi inaphunzitsa sizigulidwa. Wodwala ayezedwe pasikelo, mlingo uwerengedwe: bupivacaine wa 0.5 peresenti ali ndi mamiligalamu 5 pa mililita, ndipo pa mlingo wa mamiligalamu 2 pa kilogalamu, munthu wolemera makilogalamu 50 asapitirire mamililita 20. Diripi ikhale italowa kale, okosijeni ndi thumba lopumitsira munthu zili pomwepo, mankhwala oletsa kuphupha atakonzedwa. Wobaya akoke kaye jakisoni kuona ngati mukubwera magazi, athire pang'ono, apume, afunse wodwala ngati m'makutu mukulira, ndipo aleke pomwepo ngati mankhwala akukana kulowa kapena wodwala wakuwa ndi ululu. Masamu omwewa amafunika pa mdulidwe wa kuchipatala, pomwe lidocaine amabayidwa patsinde pa chiwalo, makamaka kwa anyamata opepuka thupi. Wodwala asanapite kwawo auzidwe kuti mkono wadzanzi sumva moto wa pambaula, kuti mwendo wadzanzi ungamugwetse, kuti amwe mankhwala a ululu dzanzi lisanathe, ndi kuti ululu woopsa umene ukudutsa dzanzi m'chiwalo cha pulasitala ndi chifukwa chobwerera kuchipatala nthawi yomweyo. Pomwe zimenezi palibe, jakisoni wa dzanzi si njira yachidule yozembera kusowa kwa zipangizo, chifukwa mtima ukaima umafuna zonse zimene munthu wogonekedwa tulo akanafuna.

Chotsala ndi chimene Selander, Albright, Auroy ndi Barrington anachita, chomwe chimafuna kope ndi cholembera basi. Wodwala aliyense wobayidwa alembedwe: malo obaya, mankhwala, mlingo, ndi zimene zinachitika. Afunsidwenso patapita masiku ngati zala zabwerera mwakale. Ndipo chikalakwika chinenedwe pamsonkhano wa m'mawa popanda kusaka womupachika, poti wochititsidwa manyazi amabisa, ndipo chobisika chimadzagweranso wina. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Albright analibe makina atsopano kapena mankhwala atsopano. Anali ndi nkhani za odwala 6 zimene anakana kuzikwirira, ndipo chifukwa cha zimenezo wobaya aliyense wophunzitsidwa bwino lero amathira pang'ono, n'kuima, n'kumuyang'ana wodwala kumaso asanapitirize.